Ndiziphunzirira pa mawu otani kuti ndizitayipa msanga?

Nachisale_Mpondasi:
Moni nonse. Ndikufuna kufunsira ntchito ya ukalaliki pa Boma pano, ndipo ndamva kuti pamakhala mayeso otayipa. Mwezi wonse ndakhala ndikutayipa chiganizo chija cha "The quick brown fox jumps over the lazy dog" pa laputopu ya alamu anga. Pamenepo zala zimathamanga ndithu, koma ndikatenga kalata yeniyeni zimangozizira. Ndizisankha mawu otani? Achingerezi kapena Achichewa?

Mphunzitsi_wa_Namwera:
Achemwali, chiganizocho chisiyeni. Ntchito yake ndi kukuonetsani pamene pali zilembo zonse 26, basi. Mwachibwereza mpaka zala zaloweza mzere umodziwo, ndiye kalata ikabwera mukukhala ngati mwayamba lero.

Tsiku lililonse tengani mawu amene simunawatayipepo, ofanana ndi amene mudzakumane nawo pa ntchito: kalata ya ku ofesi, maminitsi a msonkhano, nkhani ya m'nyuzipepala. Zikhale ndi zilembo zazikulu, mipumiro, mipatuliro ndi madeti. Mawu a m'mawebusayiti ambiri oyesera liwiro amakhala a zilembo zing'onozing'ono zokhazokha opanda Shift, n'chifukwa chake munthu amapeza mawu 40 pa mphindi pa intaneti koma 22 pa kalata.

Poyeza liwiro musawerenge mawu mmene alili, chifukwa muyeso wake ndi wakuti zilembo 5 zilizonse, kuphatikizapo mipata, ndi liwu limodzi. Tayipani mphindi 5, mu Word pitani pa Review, Word Count, muone Characters (with spaces). Zikakhala 750, gawani ndi 5 kupeza 150, mugawenso ndi mphindi 5: liwiro lanu ndi mawu 30 pa mphindi. Pa Chichewa zimenezi n'zofunika kwambiri, poti "sindinamuonenso" Word amaliwerenga ngati liwu limodzi pamene ndi zilembo 15, mawu atatu athunthu. Zolakwa zikapitirira 3 pa zilembo 100 zilizonse, chepetsani liwiro.

Wa_Stationery_Monkey_Bay:
Zinenero zonse ziwiri, koma paderapadera. Kiyibodi ya QWERTY sanaikonzere ife, ndipo Chichewa chimalemetsa zala zina zimene Chingerezi sichizivutitsa. Yesani kutayipa "nyumba" pang'onopang'ono muone: n, y, u, m zonsezo ndi za chala chimodzi, chamkombaphala chakumanja. "Munthu" chimodzimodzi, t yekha ndi amene amapita kumanzere. Kenako a, amene ali ponseponse m'Chichewa, amagwidwa ndi kachala kakang'ono kakumanzere, komwenso kamagwira z. Ndiye "zaka", "mazira", "zambiri" kachalako kamatopa msanga n'kuyamba kudumpha zilembo. Nkhodolero ya mu ng'ombe ndi m'mudzi ili pa kachala kakang'ono kakumanja, ambiri amayang'ana pansi akafika pamenepo.

Lembani nokha mizere khumi yodzaza ndi ny, nkh, nth, mph, dz, tch ndi ng'. Mwachitsanzo: "Mnyamata wa ku Malindi wanyamula nkhuni, nthochi ndi usipa m'ngolo ya ng'ombe." Mphindi 5 za mizere yotereyi, kenako mphindi 15 za nkhani yatsopano. Komabe q ndi x simudzazipeza m'Chichewa, c amangobwera ndi h, choncho mukasiya Chingerezi zilembo zimenezo zidzakupunthwitsani pa mayeso.

Kuno kwathu makalata ena amabwera m'Chiyao, momwe ŵ ndi wambiri. Mu Word tayipani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, atuluka. Muzimitsenso AutoCorrect ndi timizere tofiira tija poyeserera, apo ayi kompyuta izikukonzerani zolakwa za Chingerezi inu osadziwa kuti mwalakwitsa.

Che_Data_Makanjira:
Onse awiri anena bwino, koma manambala aiwala, ndipo kalaliki amakhalira manambala. Pezani malisiti akale kapena kaundula wopanda mayina a anthu enieni, muzitayipa mizere ngati iyi: 14/03/2024, matumba 36, K15,500. Yambani ndi manambala a mzere wapamwamba, chifukwa malaputopu ambiri alibe aja a kumbali. Kiyibodi yaikulu ikapezeka, 5 wa kumbaliko ali ndi kachotupa monga F ndi J, chala chapakati chizikhala pamenepo.

Za bandulo musadandaule. Pulogalamu yophunzirira kutayipa ya TIPP10 ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo imalola kuikamo mawu anuanu. Webusayiti ya Monkeytype ilinso ndi malo a custom oikapo nkhani yanu. Pulogalamu ikakuonetsani zilembo zimene mukuphonya, lembani mawu 20 okhala ndi zilembozo m'kope, ndiwo oyambira mawa. Ndipo ngati mayesowo ndi okopera papepala, yesererani ndi pepala lenileni litaimikidwa pambali pa sikirini, poti kusuntha maso kuchoka papepala n'kubwerera pamzere womwewo nakonso kumafuna kuzolowera.

Nachisale_Mpondasi:
Zikomo akuluakulu. "Nyumba" uja ndamuyesa, chala chachita kukakamira pa y. Nyuzipepala zakale zilipo zambiri kunyumba kuno, ndiyamba nazo madzulo ano.