Ming'oma ya njuchi, makamera ndi njovu za ku paki: titani abale?

Mlembi: Moni nonse. Nkhani ija tinaisiya pamsonkhano wa Lamulungu ndaibweretsa pano kuti a kunja nawo ayankhulepo. Mu akaunti muli K4.6 miliyoni yomwe tinasonkha kuti titeteze madimba a kumtsinje ku njovu za ku paki ya Kasungu. Ndiye kwabwera bungwe lina la ku Ulaya loona za ufulu wa nyama, dzina sinditchula kaye poti sitinasainirane kanthu, akuti atipatsa ming'oma ya njuchi 80 yotchingira njovu, mawaya ndi mitengo yake, ife tingoikapo manja ndi thiransipoti. Koma ali ndi zofuna zawo. Abwera ndi anthu a makamera, ajambule ana a sukulu atanyamula zikwangwani zoti timakonda njovu, zithunzizo azikapemphera ndalama kwawoko. Ena anati tikane, tigule tokha zochepa zomwe tingathe, ndalama ina tipangire ulendo wokapereka chikalata kwa DC. Yankhulani.

A Phiri a ku Joni: Ayi. Ine voti yanga ndi imeneyo, lembani.

Mai Msungichuma: A Phiri mwayamba kale kkkk, tamvani kaye mitengo. Ndafunsa akalipentala atatu ku boma, ndalama yathuyi tikagula matabwa, mawaya, mapolo ndi malata otchingira dzuwa sitifika ngakhale theka la ming'oma imene akunenayo, ndipo tsiku lililonse zinthu zikukwera. Ine sindikuwakonda anthuwa koma masamu ndi amenewo.

A Phiri a ku Joni: Mayi masamu ndawamva koma inu mwaiwala 2022? Mwezi wa July njovu 263 zinatengedwa ku Liwonde pa malole kudzatulidwa ku Kasungu kwathu, a mabungwe oteteza nyama a IFAW ndi African Parks pamodzi ndi a boma a zamapaki ndi amene anagwira ntchitoyo, mavidiyo ake anazungulira dziko lonse, njovu ili lende pa kireni miyendo mmwamba, helikopita pamwamba, azungu akuombera mmanja pa intaneti. Mpanda unali utatha? Sunathe. Masiku oyamba omwewo anthu anayamba kufa. Lero munthu akubwera ndi kamera kuti ana athu amwetulire ndi chikwangwani, ine ndili kuno ndikutsuka magalimoto kuti nditumize ya chimanga poti chakumunda chinapita, ndiye mwana wanga akhale wa pa positala? Ayi ndithu.

Aphunzitsi opuma: Ana anga tiyeni tisiyanitse. Bungwe lomwe likutipatsa ming'omali si limene linasamutsa njovu. Musamenye mlendo chifukwa cha mlandu wa mlendo mnzake.

Aunt a ku Leeds: Aphunzitsi zoona si amodzi, koma ndikuuzeni mmene zimayendera kuno poti ndimaziona ndikaweruka ku night. Masana pa TV pamabwera ma advert, kamwana ka njovu kali kokha, kanyimbo kachisoni, kenako akuti perekani mapaundi atatu mwezi uliwonse. Agogo amene timawasamalira amapereka ndi mtima wonse, ena amalemba mabungwe amenewa mu wilo mwawo, ndipo si anthu oipa ayi, ndi anthu oti njovu sanaionepo ikuphwasula nkhokwe. Mu advert simuona mayi atakhala pansi mmunda mwake mwapondedwapondedwa. Munthu wakuda akaoneka ndiye kuti ndi ranger kapena ndi wopha nyama mozemba, wachitatu kulibe. Ndiye ana athu akanyamula chikwangwani chija, chithunzicho chizikanena kuti ku Kasungu zonse zili bwino, anthu ndi okondwa, pitirizani kupereka. Ndalama imene chithunzi chimodzi chingabweretse kuno ikhoza kuposa ming'oma 80 kutalitali, ndipo ife sitidzaona lisiti.

Chimwemwe wa ku Bunda: Aunt mwanena zomveka. Koma ndithandizepo pa za ming'omazo chifukwa anthu akuganiza kuti ndi matsenga. Njira imeneyi inayesedwa kwambiri ku Kenya, a Lucy King a bungwe la Save the Elephants ndi amene anaitchukitsa, cha ku Tsavo uko. Mng'oma umapachikidwa pakati pa mapolo awiri, wina patsogolo pafupifupi mamita 10, yonse yolumikizidwa ndi waya umodzi. Njovu ikakankha waya ming'oma imagwedezeka njuchi nkutuluka, ndipo njovu imaopa njuchi zedi chifukwa zimailuma mu chitamba ndi mmaso. Zimagwira ntchito, koma mng'oma ukhale ndi njuchi. Nthawi ya chilimwe maluwa ndi madzi zikasowa njuchi zimathawa, mumatsala ndi mabokosi opanda kanthu pomwe madimba ndiye ali obiriwira okha mdera lonse, nthawi yomwe njovu ikuwafuna kwambiri. Palinso chiuli, chimakwera nkuphwanya mng'oma usiku umodzi. Ndiye funso langa kwa iwo ndi loti makamera akapita, ndani azidzayendera ming'oma, kuika madzi, kumanga malata pamapolo kuti chiuli chisakwere? Mu pepala lawo mulibe ndalama ya zimenezo, ndaliwerenga lonse.

Mlembi: Zoona mulibe. Muli tsiku lokhazikitsa ndi tsiku lojambula basi.

Malume a ku Lundazi: Mwanilola nilankhuleko ine wa tsidya lino? Inu kwanu mukudandaula koma mbali yanu kuli mpanda wamagetsi ngakhale uli ndi mipata. Mbali ya ku Zambia kulibe, akuti ndi njira ya nyama yopita ku paki ya Lukusuzi. Njovu ilibe pasipoti, imangotuluka kulowa mminda ya ku Lumezi, Lundazi ndi Chipangali. Ife sitinafunsidwe pomwe zinkabwera. Ndiye kuno anthu anatopa, a gulu la Warm Heart akhala akulemba maina a ovulala ndi minda yowonongeka mbali zonse ziwiri, ndipo maloya a ku London a Leigh Day anatenga nkhani ya anthu 10 a ku Malawi ndi ku Zambia kuti IFAW iyankhe. A IFAW anakana mlandu, akuti iwo anangothandiza ndi ndalama ndi ukadaulo, mwini paki ndi boma la Malawi. Ine sindine jaji. Koma pa nthawi ya mavidiyo aliyense anali mwini ntchito, pa nthawi ya maliro mwini wasowa.

A Phiri a ku Joni: Malume mwamaliza nkhani.

Aphunzitsi opuma: Sanamalize. Ine ndakulira pano ndisanapite ku koleji, paki iyi inali ndi njovu zopitirira 1,000 mzaka za mma 1970, alendo ankadzaza ku Lifupa, anyamata athu ankalembedwa ntchito. Pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Anazimaliza ndani? Si azungu a pa TV, ena mwa opha anali ana a mmidzi yathu yomweyi ndipo tonse tinkadziwa nyumba zimene minyanga inkagona. Ndiye munthu akabwera ndi ndalama kuti paki idzuke ine sindingamutukwane. Chimene ndikutsutsa ndi dongosolo. Ku Majete anamanga mpanda kuzungulira. Ku Nkhotakota pomwe ankapititsa njovu 500 zija mu 2016 ndi 2017, zomwe Prince Harry anabwera kudzathandiza nawo, anayamba akonza malo otchingidwa. Bwanji kwathu kuno zinayamba ndi njovu mpanda nkumatsatira pambuyo? Funso ndi limenelo ndipo tikalifunse mwaulemu kwa oyenera.

Mai a Tadala: Aphunzitsi ulemu tauchita mokwanira. Mayi anga chaka chatha anagona kumunda mwezi wonse wa March ndi chitini ndi tochi, munthu wa zaka zoti azisewera ndi zidzukulu, usiku umodzi wokha zinadutsa zitatu maekala awiri onse pansi, maungu omwe. Anakanena, anthu anabwera, analemba mkabuku, anapita. Anawauza kuti lamulo silinena za chipepeso. Koma mwana wa mmudzi akapezeka ndi kanyama ka mpaki lamulo lomwelo lili maso, kuyambira 2017 zilango zinakwera mpaka zaka 30 pa milandu ikuluikulu. Ine ndalama yanga ipite ku chikalata ndi zikwangwani zathu zolemba tokha, tiyende kuchoka pa depoti mpaka kwa DC.

Mai Msungichuma: Pepani mayi, zowawa. Koma chikalata sichithamangitsa njovu mwezi wa September uno, tomato ndi chimanga chachiwisi zili kudimba pano.

Chimwemwe wa ku Bunda: Pali zina zotchipa zoti tikhoza kuyamba mawa osadikira munthu. Tsabola wowuma wosinja kusakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto, kupaka pa zingwe ndi tinsanza nkuzinga dimba. Kapena kuumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, kuziumitsa, usiku kuziyatsa mbali yomwe mphepo ikuchokera, utsi wake njovu siifuna. Vuto lake zimafuna kubwereza pafupipafupi, mvula ikagwa mwayambiranso, komanso njovu zina makamaka zamphongo zimazolowera. Koma kambuzi timalima tokha, oyilo a magalaja amangotaya.

A Phiri a ku Joni: Nanga fensi ya sola bwanji, tiwonjezere ndalama ife a kuno?

Mlembi: Ya sola tinaifufuza, batire ndi makina ake okha ndalama yatha. Komanso tinene zoona abale, waya ukangosiyidwa opanda mlonda anthu athu omwe amadula kukapanga misampha, panelo imapezeka ikutchaja mafoni pa msika.

Aunt a ku Leeds: Kkkkk a Mlembi mwaulula. Koma ndiwonjezere, si ife tokha amene tatopa ndi anthu okonda nyama ali kutali. Mu 2024 pulezidenti wa Botswana wa nthawi imeneyo a Masisi anauza a ku Germany kuti awatumizira njovu 20,000 azikhala nazo okha aone, ndipo nduna yawo inanenanso zotumiza 10,000 ku Hyde Park ku London. Anzanga a kuntchito anaseka ngati nthabwala, ine ndinawauza kuti kwathu zinatumizidwadi.

Gogo Nankhoma (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti a Mlembi anene zonse, asabise za gule.

Mlembi: Eee ndimafuna ndizinene pamaso. Mkulu wawo anamva kuti kudambwe kuli chilombo chotchedwa njovu, ndiye anafunsa ngati chingatuluke tsiku lojambulalo kuti zioneke kuti chikhalidwe chathu chimalemekeza njovu. Anati apereka kangachepe kwa anyamata.

A Phiri a ku Joni: Mwaona??? Ndimanena ine.

Aphunzitsi opuma: Apo ndiye ayi, ngakhale ine. Chimenecho chimatuluka pa maliro a mfumu kapena pa mwambo waukulu, eni mzinda ndi amene amadziwa. Si cha komiti ya chitukuko kuti ichiike pa bajeti. Nkhani imeneyi isafike nkomwe kwa a Gulupu kudzera mwa ife, tingachite manyazi.

Abusa: Ine za kudambwe sindilowamo mukudziwa kale kkk, koma pa ana ndiyankhule. Mwana sangasaine pepala. Kholo lililonse lifunsidwe palokha, ndipo mwana asanyamule mawu amene sanalembe yekha. Akafuna kujambula ajambule akuluakulu amene avomera, ndipo ajambulenso nkhokwe zogumuka zija ndi manda, zonse zilowe mu vidiyo imodzi. Akakana pamenepo ndiye tadziwa chimene amadzera.

Mai a Tadala: Sangavomere Abusa, manda sabweretsa mapaundi.

Aunt a ku Leeds: Mwina mungadabwe mayi, ena kuno akamva zoona amapereka kuposa. Koma tiwapemphe zinthu zolembedwa. Mabungwe olembetsedwa ku England maakaunti awo amaikidwa poyera pa webusaiti ya Charity Commission, aliyense akhoza kuona zimene analandira ndi zimene anawononga, ngati awa ndi a dziko lina nakonso kuyenera kukhala kofanana nako. A Mlembi nditumizireni dzina ku inbox ndiwafufuze usiku uno. Ndipo mu mgwirizano alembe kuti pa ndalama yomwe apeze ndi zithunzi za kwathu, gawo lakuti libwerera ku ming'oma kwa zaka zingapo, ndi malipiro a anyamata awiri oyang'anira.

A Chair: Ndawerenga zonse, zikomo. Mmene ndikuonera ine tisathamangire kukana ndipo tisathamangire kusaina. Ndikupempha tichite chonchi. A Mlembi muwalembere kuti ana ayi, gule ayi, kujambula kuchitike ming'oma itapachikidwa kale ndipo njuchi zitalowa, osati tsiku lotsitsa katundu, ndipo ayankhe za ndalama yosamalira. Tiwapatse masabata awiri. Pakali pano Mai Msungichuma tulutsani K600,000 ya tsabola, zingwe ndi matochi, Chimwemwe atsogolere Loweruka. Za chikalata ine ndikugwirizana nazo koma tisapite tokha, tilumikizane ndi anzathu a kwa Chulu ndi mafumu, ndipo DC adziwitsidwe maola 48 tisanayende monga lamulo linenera, sindikufuna wina agone ku polisi.

A Phiri a ku Joni: Ine ndikadali pa ayi wanga koma ya tsabolayo ndiwonjezera R500 pa Mukuru Lachisanu. Mu chikalatamo mulembe mpanda umalizidwe ndi chipepeso chilowe mlamulo, aphungu athu asamangobwera pa maliro.

Mai Msungichuma: K600,000 sindingatulutse ndi mawu a pa foni a Chair, siginecha zimafunika ziwiri ndipo a Vice ali ku okushoni ku Chinkhoma mpaka Lachinayi.

Chimwemwe wa ku Bunda: Ndiye Loweruka tiyambe ndi ndowe, imeneyo ndi yaulere. Amene ali ndi wilibala abwere nayo, ndipo wina afunse a gemu kaye ngati tikuloledwa kutola mmphepete mwa mpanda, tisakamangidwe chifukwa cha manyi a njovu.

Malume a ku Lundazi: Bwerani mudzatole kwathu, ili mbwee pakhomo penipeni, ya mmawa uno.