Dansi wa house ndi amapiano wa mwezi ndi mwezi: tingatani kuti anthu azibweranso?

Mphatso_A47

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali bala ina ku Lilongwe yokhala ndi bwalo kuseri, lolowa anthu pafupifupi 200, ndipo eni ake avomera kutipatsa usiku umodzi pamwezi kuti tizichititsa dansi wa Afro house ndi amapiano okhaokha. Madansi otere amakonda kufa imfa imodzi: usiku woyamba kudzadza, wachiwiri theka, wachitatu mipando yokhayokha. Ndiye tisankhe tsiku liti? Pakhomo tizilipiritsa bwanji, ndipo tigwirizane zotani ndi eni bala? Kodi n'kwanzeru kuthira ndalama zonse pa DJ wotchuka kuti dzina limveke? Zathu ndi ma CDJ (makina a DJ oseweretsera nyimbo) awiri ndi mikisa yosakanizira mawu, masipika tizibwereka.

Nkhalakale_BT

Achimwene, ndalamayo musaithire pa dzina la munthu. Anthu obwera chifukwa cha DJ wotchuka ndi anthu ake, si anu. Mwezi wamawa akakamenya kwina, nawonso amutsatira komweko. Chimene mukufuna n'chakuti munthu azidziwiratu zomwe akapeze kwa inu asanaone n'komwe chithunzi cholengeza. Pezani ma DJ awiri okhazikika, oti azimenya dansi aliyense, DJ mlendo azibwera kamodzi pa madansi atatu. Ngakhale Lake of Stars, yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004, inachokera ku dansi wokhazikika wa ku Liverpool wotchedwa Chibuku Shake Shake, yemwe Will Jameson ankachititsa. Gulu la anthu linayamba kupezeka, chikondwerero chinabwera pambuyo.

Tsiku likhale limodzi, lotchulika mosavuta: Loweruka loyamba la mwezi. Loweruka lotsiriza limakopa chifukwa anthu alandira kumene, koma ndi pomwe mashoo akuluakulu ndi maukwati amaunjikana, inu mudzamira. Loweruka loyamba ndalama ikadali m'thumba ndipo opikisana nawo achepa. Lengezani masiku atatu nthawi imodzi, ndipo musasunthe ngakhale limodzi. Kusuntha tsiku kamodzi kokha kumapha chizolowezi chomwe mwakhala mukumanga. Poti ndi pabwalo, kuyambira Novembala mpaka Epulo ikani tenti mu bajeti, yophimba zipangizo ndi povinira pomwe. Mu Juni ndi Julayi yambani msanga, kuzizira kwa Lilongwe kumachotsa anthu ikamakwana 1 koloko.

Chinthu chimene ambiri sachiganizira ndi kukula kwa malo. Anthu 80 pabwalo la anthu 200 amaoneka ngati dansi walephera, ndipo wobwera mochedwa amasuzumira n'kubwerera. Chepetsani bwalolo. Tebulo la DJ likokereni kutsogolo, likhale pansi limodzi ndi ovina, osati pa nsanja yayitali. Kumbuyo tsekani ndi nsalu kapena mapaleti, muzitsegula anthu akachuluka. Mipando ichoke kutsogolo konse, chifukwa Mmalawi akaona mpando ndi tebulo amakhala ndi botolo lake mpaka kucha. Magetsi oyera owala azime povinira, anthu savina pamene aliyense akuwaona.

Za eni bala, zilembedwe papepala ndipo nonse musaine. Njira yosavuta ndi yakuti pakhomo ndi panu, zakumwa ndi zawo. Ngati akufuna khomo likhale laulere kuti agulitse mowa wambiri, ndiye akupatseni gawo la malonda a usikuwo, 10 kapena 15 pa 100 aliyense, ndipo makireti awerengedwe pamaso panu musanayambe komanso mukatseka. Papepala lomwelo palembedwenso wogula mafuta a jenereta, wolipira achitetezo, kuti TV ya mpira izima nthawi yanji, ndiponso kuti eni bala kapena mnzawo wolemera sangalamule DJ kusintha nyimbo. Mfundo yotsirizayi ndi yomwe imayambanitsa anthu kwambiri.

Masamu ake: phatikizani zonse zomwe mulipire, gawani ndi mtengo wa tikiti. Tiyerekeze zakwana K600,000 ndipo tikiti ndi K5,000, ndiye kuti pakufunika anthu 120 olipira kuti mungobweza ndalama. Ameneyo ndi msampha. Nambala imeneyi isapitirire theka la malo, kwa inu anthu 100, ndipo ikapitirira dulani zolipira, musakweze tikiti. Madansi atatu oyamba muwatenge ngati otaya ndalama, muisungiretu. Ine ndingatsegulenso khomo ulere mpaka 9 koloko kuti bwalo lisakhale lopanda anthu.

WayaNdiAmpu

Zonse zomwe anena akuluwa zikhoza kukhala bwino, koma zomveka zikakhala zoipa anthu sabweranso, ndipo sakuuzani chifukwa chake. Amangoti "kunali bho" n'kusowa.

Amapiano amayenda pang'onopang'ono, cha m'ma 110 mpaka 115 BPM (kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi), ndipo mphamvu yake yonse ili mu log drum, ng'oma ya besi yomveka pansi penipeni. Afro house ili cha m'ma 120 mpaka 124, nayo imadalira kiki ndi besi. Masipika a mainchesi 15 okhala pa zoimikira sangatulutse zimenezi paokha. Zomwe zimachitika n'zakuti DJ samva besi, amakweza voliyumu, mawu apakati ndi apamwamba amayamba kulasa m'makutu, pakatha ola anthu athawira kunja kukacheza. Pobwereka, yambani ndi ma sub (masipika a besi yokha) a mainchesi 18. M'chipinda awiri akwana, koma pabwalo palibe makoma obweza besi, ndiye anayi. Aikeni pansi, ogundana, pakati kutsogolo kwa DJ. Mukawagawa awiri kumanzere awiri kumanja, besi imalimba pamzere wapakati pokha, m'malo ena mafunde amaphana ndipo mumapeza povinira pena popanda besi konse.

Crossover, malire ogawa mawu pakati pa ma sub ndi masipika apamwamba, ikhale cha pa 90 kapena 100 Hz, ndipo pansi dulani cha pa 35 mpaka 40 Hz kuti ma sub asamavutike ndi mawu omwe sangathe kutulutsa. Limiter, yoletsa mawu kupitirira malire, ikhalepo, ma ampu (makina okuza mawu) akhale kutali ndi manja a DJ. Pa mikisa lamulo ndi limodzi, timagetsi tofiira tosonyeza kuti mawu apitirira tisayake ayi. DJ akhale ndi monita (sipika yodzimvera) yakeyake pafupi ndi khutu, apo ayi adzakweza zonse kuti adzimve yekha. Bungwe la WHO linatulutsa muyezo mu 2022 wakuti m'malo azisangalalo phokoso lisapitirire 100 dB mukatenga avareji ya mphindi 15. Ngakhale pulogalamu ya pafoni ikupatsani chithunzithunzi. Yambani motsika kwambiri kuposa pamenepo, kuti pofika pakati pausiku mukhale ndi pokwezera.

Magetsi tsopano. Zoimbira zikhale pa mzere wake, osagawana ndi mafiriji a bala, chifukwa firiji ikamadzuka imagwetsa mphamvu ndipo mumamva kuthetheka m'masipika. Jenereta muiwerengere motere: phatikizani ma watt a ma ampu, magetsi ovinira ndi zina zonse, gawani ndi 0.8 kuti mupeze kVA, muyezo wa mphamvu ya jenereta, kenako wonjezerani kotala. Ma watt 4,000 akupatsani 5 kVA, ndiye bwerekani ya 6.5 kVA, yokhala ndi AVR, chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi. Kajenereta kopanda AVR kamasinthasintha mphamvu besi ikamamenya, ndipo ndi komwe kamaotcha zipangizo. Ma CDJ ndi mikisa alumikizeni ku UPS yaing'ono (batire yogwirizira magetsi akathima), kuti magetsi akazima asazime n'kuyambiranso kuwerenga fulashi anthu ataima. Yesani kusintha kuchoka pa magetsi kupita pa jenereta masana, wina atagwira wotchi. Mafuta gulani dzulo lake. Waya wamagetsi akhale wa 2.5 mm, ndipo ngati ndi wokulunga pa gudumu mutambasule yense, wokulungidwa amatentha mpaka kusungunuka. Poyatsa, ma ampu ndi otsiriza. Pozimitsa, ndi oyamba.

Ma DJ auzeni abwere ndi mafulashi awiri ofanana, ofomatidwa pa FAT32, nyimbo zitadutsa mu rekordbox, pulogalamu yokonzera nyimbo za ma CDJ. Nyimbo zokopera pa YouTube zimamveka bwino pafoni, koma pa ma sub anayi besi yake imakhala phala. MP3 ya 320 kbps kapena WAV basi.

Tadala_M

Achimwene a ku Blantyre, pa khomo laulere pokha ndikutsutsani. Wolowa ulere amabwera kudzamwa, ndipo ndi yemweyo amakaima pa DJ kupempha dancehall. Ndalama yochepa imasefa anthu. Kuli bwino theka la mtengo isanakwane 9 koloko, kapena awiri pa tikiti imodzi. Mndandanda wa olowa ulere usapitirire anthu 15, ndipo uzitsekedwa 10 koloko, apo ayi abale ndi anzawo a ma DJ adzadzadza bwalo inu m'thumba muli mbee.

A Mphatso, chuma chanu ndi manambala a foni. Pakhomo pakhale munthu wansangala, wosiyana ndi wolandira ndalama, wopempha dzina ndi nambala kwa amene akufuna kumauzidwa za dansi wotsatira. Pa WhatsApp dziwani kuti broadcast (kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri, aliyense payekha) imatenga anthu 256 pa mndandanda umodzi, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Choncho munthu aisunge pomwepo, muli naye. Gulu la WhatsApp likhale loti olemba ndi ma admin okha, mukalitsegula limasanduka msika wa nsapato ndi mauthenga a m'mawa, anthu enieni n'kutulukamo. Uthenga utuluke kanayi basi: kutatsala milungu itatu, masiku khumi, masiku atatu, ndi masana a tsikulo. Pa Facebook ndi Instagram, kavidiyo ka masekondi 20 ka anthu akuvina, mawu ake enieni a usikuwo, kamakoka kuposa chithunzi chodzadza mayina ndi ma logo. Koma wojambula azipempha kaye. Lilongwe ndi yaing'ono, munthu akadziona pa Facebook asanavomere sabweranso, ndipo amauza anzake.

Anthu sapita kudansi okhaokha, amapita m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi mmodzi wonena kuti lero tikupita uku. Apezeni anthu otere khumi, ena m'makoleji, ena m'maofesi, ena ovina amapiano odziwika pa TikTok. Aliyense alowe ulere akabweretsa olipira asanu. Komanso perekani mphindi 30 usiku uliwonse kwa mnyamata kapena mtsikana wakonkuno wopanga nyimbo zake pa pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio. Amabwera ndi anzake onse, ndipo dansi amayamba kukhala ndi nyimbo zomwe sizimveka kwina.

Matikiti ogulatu pa Airtel Money ndi Mpamba ndi abwino, koma wapakhomo aone uthenga pa foni yolandirira ndalama, osati chithunzi pa foni ya wogula. Zithunzi zimapangidwa.

Tsopano chomwe chimandikhudza kwambiri. Dansi amene atsikana samasuka amafa, chifukwa iwo akasiya kubwera anyamata nawonso amasiya. Chimbudzi cha akazi chikhale ndi loko, getsi, madzi ndi tishu, wina azichiona ola lililonse. Pa achitetezo pakhale mayi mmodzi wosecha akazi. Wogwiragwira anthu achenjezedwe kamodzi, kachiwiri atuluke, kaya wagula mabotolo angati, ndipo eni bala avomereze zimenezi pasadakhale. Njira yochokera pageti kufika pamsewu ikhale yowala. Maminibasi amakhala atasiya kalekale, ndiye gwirizanani ndi madalaivala a takisi atatu kapena anayi odalirika kuti aziima pageti kuyambira 12 koloko, manambala awo muwaike pagulu. Madzi akumwa akhale otchipa.

Ndipo muyambe pa nthawi yomwe mwalemba, ngakhale pali anthu asanu. DJ woyamba asatulutse nyimbo zotchuka, azimenya zofatsa kuti anthu alowe, agule, apeze anzawo. Zoopsa zidikire 11 koloko.

MlembiWakale

Musaiwale mapepala, apolisi akazimitsa dansi pakati pausiku anthu sakhululuka. Funsani eni bala akuonetseni laisensi ya mowa yochokera ku khonsolo ya mzinda, muone maola omwe ikulola. Funsaninso ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Kuimba nyimbo pagulu kumafuna chilolezo chawo, ndiye pitani ku ofesi yawo mukafunse ngati cha balayo chikukwanira pa dansi wolipiritsa pakhomo kapena mukufunika chanu. Kalata yodziwitsa apolisi a dera lanu ipite sabata isanakwane, kope lodindidwa likhale pakhomo. Osakwana zaka 18 asalowe, wokayikitsa aonetse chiphaso cha unzika. Anthu oyandikana ndi balayo apitireni masana, auzeni nthawi yotseka, apatseni nambala yoti aimbe phokoso likawasowetsa tulo. Masipika apamwamba aloze kosiyana ndi nyumba zawo. Besi yokha ndiyo imafalikira mbali zonse, ndiye nthawi yotseka muisunge.

Mphatso_A47

Zikomo kwambiri nonse. Limodzi lotsala: tidziwa bwanji kuti zikuyenda, poti madansi oyamba ndi otaya ndalama?

Tadala_M

Musawerenge olowa okha, werengani obwereranso. Wolemba manambala uja azichonga dzina lililonse lomwe linalipo mwezi watha. Kapena sindikizani timakhadi ta mabokosi anayi, dindani kamodzi pa dansi aliyense, lachinayi munthu alowe ulere ndi mnzake mmodzi. Pofika dansi wachitatu, ngati mwa anthu atatu aliwonse mmodzi ndi wakale, pitirizani ngakhale ndalama isanabwerere. Ngati nkhope zonse ndi zatsopano mwezi uliwonse, vuto si kulengeza ayi, lili mkati. Imbirani anthu khumi omwe anabwera kamodzi n'kusiya, muwafunse anachoka nthawi yanji ndipo chinawachotsa n'chiyani. Mayankho ake muwalembe, mukakhale nawo pansi ndi ma DJ, obwereketsa masipika ndi eni bala lisanafike Loweruka lotsatira.