Mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira: bwanji suuma msanga?

Wakumudzi
Akuluakulu, ndithandizeni. Mombo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse, kaya ndi ofuna luzi kaya opanga ming'oma ya njuchi, masamba amakhalabe obiriwira kwa miyezi ndithu, kenako n'kuuma. Ngati madzi amadutsa m'khungwa, bwanji sufota tsiku lomwelo? Chonsecho tomato wogwidwa ndi matenda ofota amagwa pa masiku ochepa, tsinde lili bwinobwino.

Wazankhalango
Achimwene, madzi sadutsa m'khungwa ayi. Mumtengo muli njira ziwiri. Yoyamba ndi xylem, thabwa lenilenilo, makamaka mbali yoyera ija yozungulira mtima wa mtengo. Ndi maselo akufa, ogoba m'kati, olumikizana ngati timapaipi, ndipo makoma ake ndi okhwimitsidwa ndi lignin, chinthu chomwe chimalimbitsa thabwa. Chimakweza madzi si mizu kwenikweni koma masamba: madzi akamatuluka ngati nthunzi pa timabowo ta masamba, amakoka anzawo a pansi, mzere wosaduka mpaka ku mizu. Pa madzi 100 aliwonse omwe mizu yamwa, oposa 95 amathera mumlengalenga choncho.

Yachiwiri ndi phloem, ya maselo amoyo, yomwe ili kunsi kwa khungwa, ponyowa paja timasendapo luzi. Iyi imanyamula shuga wopangidwa m'masamba kupita ku mizu, zipatso ndi mphukira. Wosenda uja wadula phloem yokha. Madzi akukwerabe, koma mizu yatsala ndi nkhokwe yakale. Ikaimaliza imafa ndi njala, ndipo m'pamene masamba amauma. Kaoneni pamwamba pa bala: pamatupa, chifukwa shuga akuunjikana pamenepo wasowa kolowera. Mitengo yambiri ya miombo imapulumuka pophukira kunsi kwa bala. Pakatsalanso kachigawo ka khungwa kolumikiza pamwamba ndi pansi, mtengo umatha kukhalabe ndi moyo.

Mayi wa Kudimba
Za tomatozo ndi mbali inayo. Bakiteriya wa Ralstonia solanacearum amalowera pa mabala a mizu n'kuswana m'kati mwa xylem mpaka kuitseka. Ndiye ngakhale muthirire motani, madzi sakwera. Poyamba amafota masana n'kudzuka usiku, kenako osadzukanso, masamba akadali obiriwira.

Kuti mutsimikize, dulani tsinde chapafupi ndi nthaka, muviike mbali yodulidwayo m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Pakangopita mphindi zochepa mudzaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika. Zikatero zulani chomeracho ndi dothi lake, mpeni muutsuke ndi jiki. Pamalopo musabzale mbatatesi, fodya kapena mabiringanya chifukwa onsewa amagwidwa; chimanga ndiye chabwino pa kasinthasintha.

Mphunzitsi wa Biology
Ndionjezereko za kumene mitsemphayi, xylem ndi phloem, idachokera. Zomera zoyamba za pamtunda zidalibe xylem ya lignin, ngati ndere zobiriwira zija za pamiyala yonyowa, n'chifukwa chake mpaka lero nderezo sizitalika. Cooksonia, chomera cha zaka pafupifupi 430 miliyoni zapitazo, inali timapesi ta masentimita ochepa, topanda masamba. Miyala ya ku Rhynie ku Scotland, ya zaka zoposa 400 miliyoni, idasunga zomera bwino kwambiri moti maselo onyamula madzi amaoneka pa maikulosikopu. Lignin idagwira ntchito ziwiri: kuletsa timapaipi kufwapa madzi akamakokedwa, ndi kuimiritsa tsinde. Pofika zaka 385 miliyoni zapitazo kunali kale mitengo italiitali.

Paini wa ku Chikangawa ali ndi timapaipi takale, ting'onoting'ono, totchedwa tracheids. Mango ndi bulugamu, zomera za maluwa zomwe zidadza pambuyo, zili ndi mapaipi otakasuka otchedwa ma vessel. Madzi amathamanga, koma pa chilala mpweya ukalowa, paipi yonseyo yatha ntchito.

Wazankhalango
Aphunzitsi mwasiya cambium, kansalu koterera pakati pa khungwa ndi thabwa, komwe kamapanga xylem m'kati ndi phloem kunja. Pomezanitsa mango, kansaluka ka nthambi ndi ka tsinde kakhudzane, ngakhale mbali imodzi yokha ngati kunenepa kwasiyana, mumange zolimba ndi pulasitiki. Mukaika kanthambi kowonda pakatikati, sikagwira. Chimanga ndi nsungwi zilibe cambium, mitsempha yake ndi yomwazikana m'phesi monse, n'chifukwa chake nsungwi imatuluka m'nthaka ndi kunenepa komwe idzakhale nako.