Kodi alonda angachite chipikisheni m'chipinda cha wophunzira wa pa yunivesite?

Mayi wa ku Matawale:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa kayendetsedwe ka sukulu za ukachenjede. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kukaphunzira pa Yunivesite ya Malawi konkuno ku Zomba, ndipo ngakhale kwathu n'kufupi, iye akufuna kukakhala kuhositelo, kapena kuchita lendi ku Chikanda malo akapanda kupezeka. Kodi alonda kapena akuluakulu a sukulu ali ndi mphamvu yolowa m'chipinda mwake, kupisa m'zikwama, ngakhalenso kuwerenga mauthenga a m'foni mwake? Nanga ine amene ndizilipira fizi, kodi ndingapite ku ofesi kukafunsa zotsatira za mayeso ake, kapena kuti andiuze ngati wapalamula?

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali:
Mayi, poyamba tiyamike kuti mwana wachita bwino. Chimene makolo ambirife timachedwa kuvomereza n'chakuti munthu amene wakwanitsa zaka 18 si mwananso pamaso pa malamulo a dziko lino, ndipo yunivesite imachita naye zinthu ngati munthu wamkulu amene wasayina yekha kuti adzatsatira malamulo a sukuluyo.

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo limanena mosabisa kuti munthu asachitidwe chipikisheni m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu wake, asalandidwe zinthu zake, komanso kuti wina asalowerere m'makalata ndi m'mauthenga ake. Ufuluwu uli ndi malire, pakuti gawo 44 limalola kuti uchepetsedwe ngati pali lamulo lonena choncho ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chipinda cha kuhositelo ndi nyumba ya sukulu, kotero akuluakulu angalowemo kukaona ngati muli mawaya a magetsi olumikizidwa mwachinyengo, mbaula yophikira imene ingabutse moto, kapena munthu wogonamo popanda chilolezo. Koma kuona mmene chipinda chilili ndi nkhani ina, kutsegula foni ya munthu ndi nkhani inanso. Kwa ine, mlonda amene akuganiza kuti m'foni muli umboni wa mlandu ayenera kukatula nkhaniyo kwa akuluakulu ake kapena kupolisi, osati kuumiriza wophunzira kuti atchule nambala yachinsinsi.

Chinanso chimene ophunzira ambiri sachidziwa kufikira atagwa m'mavuto ndi gawo 43. Wophunzira akaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, ayenera kuuzidwa mlandu wake, kupatsidwa mpata woti adziteteze, ndiponso kupatsidwa zifukwa za chigamulo polemba. Mwana wanu asadzalole kuchoka pa sukulu chifukwa cha mawu a pakamwa okha, popanda kalata.

Wophunzira wakale wa pa yunivesiteyi, ku Chirunga:
Aphunzitsi afotokoza bwino za malamulo, koma ine ndikupemphani, mayi, kuti nkhawa yanu yaikulu ikhale pa chitetezo. Mphamvu za alonda a sukulu zimathera pa malire a sukulu, pomwe ophunzira ambiri amagona kunja. Mtsikana amene watuluka mulaibulale usiku atanyamula laputopu m'chikwama, n'kumatsata kanjira kopanda magetsi kupita kumene amachita lendi, chimene chimamuteteza ndi kuyenda pagulu ndi anzake basi. Musanalipire lendi, mukaone nokha ngati chitseko chili ndi loko wolimba, ngati mawindo ali ndi zitsulo, ndiponso mufunse kuti ndani winanso amasunga kiyi wa chipindacho, chifukwa eni nyumba ena amalowa m'zipinda za ophunzira ngati kuti kulandira lendi kumawapatsa ufulu wotero.

Pa funso lanu lachiwiri, ndinene mosapsatira kuti njira yabwino ndi yofunsa mwini wake. Zotsatira za mayeso ndi zake, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'maofesi ndi m'makompyuta, choncho musadzakhumudwe ngati ku ofesi adzakuuzani kuti mubwere naye limodzi kapena kuti iye alembe kalata yololeza.

Namwino wa ku Zomba:
Ndionjezerepo mbali imene atsikana ambiri amaopa kuitchula. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mphunzitsi amene akufuna thupi la wophunzira posinthana ndi malikisi akupalamula mlandu. Lamulo la 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti limaletsanso kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa masamba a mchezo, kotero amene waopseza kuti amwaza zithunzi za mnzake pa WhatsApp angakayankhe kukhoti. Mwana wanu asamafufute mauthenga otere, ngakhale akhale ochititsa manyazi bwanji, chifukwa ndiwo umboni. Ndipo tsoka litagwa kuti wagwiriridwa, athamangire kuchipatala pasanathe maola 72, pakuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Ambiri amachedwa poopa kuti nkhani imveka, pomwe ife a zaumoyo ntchito yathu imatilamula kusunga chinsinsi cha wodwala.

Mayi wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri nonse. Zoti sindingathe kungopita ku ofesi ndekha zandivuta kulandira, poti ndalama izichoka m'thumba mwanga, koma ndamva. Ndimuuza kuti akangolandira kabuku ka malamulo a sukulu abwere nako kunyumba tidzawerengere limodzi, makamaka ndime zokhudza hositelo ndi kumene wophunzira amakadandaula.