Ndikupita kunja kukadzipereka zaka ziwiri, ndiyambire pati?

Kamtedza91:
Moni nonse abale. Ndapeza mwayi wokagwira ntchito yongodzipereka kunja, ndikukaphunzitsa masamu kusekondale ina yakumudzi ndipo ndikakhala zaka ziwiri. Kalata yabwera sabata yatha, kwatsala masabata 10 kuti ndinyamuke. Chisangalalo chinali cha tsiku limodzi basi pano mutu wangoima. Ndege sindinakwerepo, sutikesi ndagula kale koma ili pakona ndimangoyiyang'ana. Ndiye mayi anga amadwala BP mankhwala ndimawagulira ndine, komanso ndili ndi ngongole kubanki yatsala miyezi 8. Amene munapitako tandiuzeni zoona, ndiyambe chani, ndisiye chani?

Kadzidzi:
Choyamba zabwino zonse achemwali. Chachiwiri sutikesiyo isiyeni pakonapo, imeneyo ndi ntchito ya masiku awiri omaliza. Chimene chimadya nthawi ndi mapepala ndi majakisoni.

Tsegulani pasipoti lero lomwe muone ikutha liti. Mayiko ambiri amafuna ikhale yatsala miyezi 6 kupitirira tsiku lomwe mukubwerera, ndiye inu zaka ziwiri wonjezerani miyezi 6 pamenepo, ngati sikufika pangani yatsopano musanafunsire viza chifukwa viza amamata mupasipotimo. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu nayonso adzaifuna poti mukukagwira ntchito ndi ana, koma funsani kaye kuti amafuna yatsopano bwanji, ambiri salandira yakale kwambiri.

Katemera ndiye musachedwe naye. Wa yellow fever amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 WHO inanena kuti kubayitsa kamodzi ndi kwa moyo wonse, ndiye kakhadi kachikasu kamene amakupatsani mukabayitsa muzikasunga pamodzi ndi pasipoti. Wa hepatitis B nthawi zambiri amabaya katatu, lero, pakatha mwezi, kenako mwezi wa 6, meaning mukayamba sabata ino munyamuka mutabaya awiri wachitatu mukamalizira konko. Ngati ndi kumudzi kwenikweni funsaninso wa chiwewe, koma dziwani kuti ngakhale mutabaya galu akakulumani mumathamangirabe kuchipatala. Ndipo pitani kwa dokotala wa mano musananyamuke, anthu amaseka ndikanena izi koma dzino likayamba usiku kudziko la eni chilankhulo simukuchidziwa mudzandikumbukira.

Mlendo_ndi_mame:
Ine langa ndi limodzi, SIM KHADI. Ndinapita chaka ndi theka, nditafika ndinagula simu ya komweko yakwathu ndinaichotsa ndikuikulunga mukapepala ndikuponya mukathumba ka sutikesi. Patatha miyezi ingapo ndikufuna kutumiza ndalama kunyumba mng'ono wanga wagonekedwa kuchipatala, app ya banki ikuti tatumiza code pa nambala yanu. Ndinakhuthula sutikesi yonse pansi 11 koloko usiku, kapepala ndinakapeza, kuika mufoni palibe netiweki, kumene nambala anaitseka kalekale poti simagwira ntchito. Kubanki akuti bwerani nokha ndi ID. Ndibwere bwanji ndili kutsidya kwa nyanja? Ndinachita kubwereka kwa mnzanga amene ndinali nditangodziwana naye, manyazi ake osanena.

Ndiye pitani kubanki mudakali konko, auzeni kuti mukuchoka, ma code azibwera pa imelo ngati zimatheka, ndipo mufunse kampani ya foni kuti nambala amatseka ikakhala nthawi yaitali bwanji. Nkhani ya ngongoleyo mukambirane kubanki komweko. Ngati pali munthu amene mumamukhulupirira mulembereni power of attorney kwa loya kuti azitha kusainira zinthu m'malo mwanu, koma mulembe zenizeni zomwe akuloledwa, osati zonse, achibale ndi achibale koma ndalama ndi ndalama kkkk. WhatsApp yanu ikaninso PIN ija ya two-step.

Bambo_a_mapasa:
Pepani ndifunse mosapsatira mawu, bungwe lake mwalifufuza? Akulipiritsani chilichonse? Mabungwe odziwika ngati UN Volunteers, omwe anayamba 1970 ndipo likulu lawo lili ku Bonn, salipiritsa munthu pofunsira malo, amakupatsa alawansi ya mwezi ndi mwezi ndi inshuwalansi ya chipatala. Alipo ena oona ndithu omwe wodzipereka amasonkhako, koma wina akati tumizani ndalama ya viza pa nambala ya foni ya munthu thawani.

Komanso alawansi si salale mayi. Amaiwerengera kuti munthu mmodzi adye, agone, akwere basi kumene aliko. Kunyumba akangomva kuti kunja amaona ngati mwalemera, muwauze chilungamo pano musananyamuke apo ayi foni izidzangolira.

Kamtedza91:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a mapasa sanandilipiritse kalikonse, tikiti ndi inshuwalansi akulipira okha ndipo kontrakiti ndawerenga. Koma pasipoti ndayang'ana ikutha pakatha miyezi 19 eish, bwenzi nditagwa nayo. Mawa ndilawirira kumeneko. Za mayi ndi zomwe zikundisowetsa tulo, nthawi zina ndimaganiza zongokana.

Kadzidzi:
Musakane, koma musachokenso mwakachetechete ngati mukuthawa. Khalani pansi ndi abale anu mayi ali pomwepo, mutchule dzina la munthu amene azipita nawo ku sikelo ya BP ndi amene azigula mankhwala, osangoti "tiona" chifukwa tiona ameneyo amathera pa inu nomwe muli kutali. Lembani mayina a mankhwala ndi mlingo wake papepala, lina musiye lina mujambule pafoni. Ndipo funsani bungwelo pano kuti kunyumba kukagwa zovuta amalola masiku angati komanso tikiti amalipira ndani, funso lowawa koma kuli bwino kulifunsa mutu uli bwinobwino.

Ine mwezi woyamba sindinasowe kwathu olo pang'ono, zonse zinali zachilendo. Unandipweteka ndi wachitatu, Lamlungu masana ntchito kulibe, anthu akuseka nthabwala zomwe sukuzimva. Chinandithandiza ndi kuphunzira chilankhulo, olo moni ndi manambala yambani pano. A Peace Corps, bungwe la boma la America lotumiza odzipereka kunja, anthu awo amakhala miyezi 27 ndipo itatu yoyambayo ndi yophunzira chilankhulo ndi chikhalidwe basi, si zamasewera.

Za sutikesi poti mumaifuna kkk, ndege zambiri ndi 23 kg pa chikwama koma onani pa tikiti yanu. Power bank, mapepala, mankhwala anu ndi zovala zosinthira kamodzi zikhale m'chikwama cham'manja, power bank musutikesi salola. Onaninso mapulagi a dziko lomwe mukupitalo mugule adaputa. Nsapato tengani zomwe mwaziyendera kale.

Mlendo_ndi_mame:
Ndipo mayiwo aphunzitseni video call panopa mudakali pafupi, muziyeserera inu muli kuchipinda iwo pabalaza. Anga anatha miyezi iwiri akundionetsa denga.