BC ya chipolopolo ikusinthasintha poyeza ndi ma chronograph awiri

Wofunsa: Anzanga apantchito, manambala awa anditopetsa. Ndikuyeza chipolopolo cha .308 cholemera ma grain 175 chokhala ndi boat tail (kumbuyo kwake n'kocheperako), ndipo chronograph (makina oyezera liwiro la chipolopolo) yoyamba ndaiika mamita 3 kuchokera kukamwa kwa mfuti, yachiwiri pa mamita 100. Liwiro loyamba likukhala pafupifupi mamita 790 pa sekondi, koma BC (ballistic coefficient, nambala yosonyeza mmene chipolopolo chimagonjetsera kukaniza kwa mpweya) ya muyeso wa G1 imene pulogalamu ikutulutsa ikusintha nthawi iliyonse ndikawombera, ndiponso ili kutali ndi yolembedwa pa bokosi. Kodi vuto lagona pati?

Woyankha woyamba: Akulu, mtunda wanuwo ndi waufupi. Pa mamita 100 chipolopolo chotere chimangotaya liwiro la mamita pafupifupi 60 pa sekondi, ndipo BC yonse imawerengedwa kuchokera pa kusiyana kochepako. Makina amodzi akaphonya ndi theka la peresenti, amene ndi mamita 4 pa sekondi, BC yanu yasokonekera kale ndi maperesenti pafupifupi 7. Muyambe mwaika makina onse awiri motsatizana pamalo amodzi kuti mudziwe mmene akusiyanirana, kenaka achiwiriwo muwapititse pa mamita 300.

Woyankha wachiwiri: Bambo, siyani G1. Muyeso umenewo unapangidwa potengera chipolopolo chakale chosasongoka kwenikweni komanso chophwatalala kumbuyo, n'chifukwa chake opanga ena amalemba BC zingapo za chipolopolo chimodzi malinga ndi liwiro. Cha boat tail chimafuna G7, muyeso wopangidwa potengera chipolopolo chosongoka cha boat tail.

Woyankha wachitatu: Za mamita 300 zija musazitenge mopepuka. Ndinaonapo mnzathu wina ataswa chronograph ndi chipolopolo chimodzi chimene mphepo inachikankhira pambali pang'ono, ntchito yonse n'kuthera pomwepo. Muike chitsulo cholimba chopendekera pansi kutsogolo kwa makinawo, ndipo munthu asapite kukawerenga manambala mfuti isanachotsedwe zipolopolo. Muchenjerenso ndi kuwala, pakuti makina oona mthunzi wa chipolopolo amasintha manambala mtambo ukangophimba dzuwa. Makina oyezera liwiro pogwiritsa ntchito Doppler radar alibe vuto limeneli.

Woyankha woyamba: G7 ndi yabwino ndithu, koma singachotse kulakwa kwa makina oyezera. Chinanso ndi mpweya. Mulowetse station pressure (kupanikiza kwenikweni kwa mpweya) ya pamalo pamene mukuwomberapo, osati ya zanyengo imene imasinthidwa kuti ifanane ndi ya pa nyanja yamchere, ndipo muonetsetse ngati pulogalamu yanu ikutsata muyeso wa mpweya wa ICAO, wa madigiri 15 ndi 1013.25 hPa, kapena wa Army Standard Metro, chifukwa ziwirizi zimapereka BC zosiyana pang'ono.

Woyankha wachiwiri: Zonsezo ndazimva, komabe ndikubwereza kuti pa mamita 300 liwiro lidzakhala litatsika kwambiri, ndipo G1 idzakusocheretsani koposa pano.

Woyankha wachitatu: Akulu amene munafunsa, simunatiuze twist ya mpope wa mfuti yanu, kutanthauza mtunda umene chipolopolo chimayenda mumpopemo kuti chizungulire kamodzi. Chipolopolo chikapanda kuzungulira mokwanira chimayenda chikugwedezeka, mpweya umachigwira kwambiri, ndipo BC imatsika ngakhale makina onse atakhala olondola. Kodi ndi 1:10 kapena 1:12, kuzungulira kamodzi pa mainchesi 10 kapena 12?