man sakutseguka pa seva, backup ya cron sikuyenda

Mwale wa ku Mufakose: Akuluakulu ndithandizeni, zandithina kuno. Ndili ndi sabata zitatu pantchito yatsopano ku Graniteside kuno ku Harare, kakampani kogulitsa zida zamagalimoto. Amene ankagwira pano anachoka osasiya ngakhale kapepala. Abwana akufuna foda ya maakaunti izikopedwa usiku uliwonse kupita pa disiki yakunja. Ndaika mzere uwu wa rsync, lamulo lokopera mafayilo, mu crontab, mndandanda wa ntchito zomwe cron imayendetsa yokha pa nthawi yoikika:

`0 22 * * * rsync -a /srv/akaunti/ /mnt/backup/$(date +%F)`

Ndikaulemba ndekha pa terminal ukuyenda bwinobwino, foda ya tsiku ikubwera. Koma m'mawa ndikafika, mbee, palibe kanthu. Lero tsiku lachinayi. Ndati ndiwerenge malangizo a pamakina pomwepo ndi `man crontab`, seva ikungondiyankha kuti "This system has been minimized". `crontab --help` ikundiponyera timizere tochepa tosathandiza. Ndi Ubuntu 22.04. Kodi inu mumawerenga kuti zinthuzi? Lachisanu abwana akufuna kuona mafoda.

aPhiri a ku Highfield: Mphwanga, werenga man.

NaBanda: aPhiri, mwaiwerenga uthengawo mpaka kumapeto? Mwanayu akuti man kulibeko. Achimwene a Mwale, amene anaika sevayo anasankha mtundu wochepetsedwa, umachotsa masamba onse a man. Lembani `sudo unminimize`, iwabwezeretsa. Koma dziwani kuti ikoka mapaketi ambiri pa intaneti, ndiye ngati muli pa bandulo ya foni yanu musayambe, dikirani ya ofesi.

Mwale wa ku Mufakose: Zikomo achemwali. Ya ofesi ilipo koma ikukwawa ngati nkhono. Ndayambitsa.

aPhiri a ku Highfield: Ikatha uwerenge. Ndipo usangolemba `man crontab` n'kumati wawerenga. Masamba a crontab alipo awiri. Loyamba, gawo 1, limangonena za lamulolo, kuti -e amatani, -l amatani. Lomwe ukufuna iwe ndi `man 5 crontab`, chifukwa gawo 5 ndi la kalembedwe ka mafayilo. Gawo 8 ndi la malamulo a woyang'anira makina. Ukangoti man osapereka nambala, amakupatsa loyamba lomwe wapeza n'kukhala chete. Lemba `man -f crontab` uone onse awiri. Yankho lako lili m'gawo 5, ine sindikuuza.

Zimba Msasa: Aaa aPhiri, munthu nyumba ikupsa inu mukumupatsa buku la kazimitsidwe ka moto? Mwale, ndi % uyo. Mu crontab chizindikiro cha % chimasanduka mzere watsopano, ndipo zonse zobwera pambuyo pake zimapita ngati input ya lamulolo. Ndiye shell ikungolandira mpaka `$(date +` basi, n'kufa pomwepo. Ika backslash, `\%F`. Kapena bwino kwambiri, ika zonse mu script, kafayilo ka malamulo, cron izingoitana scriptyo.

aPhiri a ku Highfield: Mwamuuza, chabwino. Mawa akakumana ndi china adzabweranso kuno. Za % zimenezo zinalembedwa poyera m'tsamba lomwe ndanena. Akanatsegula, kulemba `/%` n'kumenya Enter, akanazipeza yekha pasanathe mphindi.

NaBanda: Apo ndiye mwanena chinthu, chifukwa ambiri sadziwa kuti mu man mumafufuzika. Ine chaka changa choyamba ndinkatsika ndi kamuvi mzere ndi mzere ngati ndikupalira. Ndi / kufufuza, n kupita pa lotsatira, q kutuluka. Tsiku loyamba sindinadziwe ngakhale q ameneyo, ndinatseka windo lonse. Tsamba ngati la rsync simungaliwerenge kuyambira pamwamba, ndi lalitali zedi, mumangofufuza mawu omwe mukufuna. Chinanso, pa SYNOPSIS paja, zomwe zili mu [ ] ndi zoti mutha kusiya, madontho atatu akutanthauza kuti mutha kuika zambiri. Palibe anandiuzapo zimenezi, ndinkangoona ngati zokongoletsa.

Zimba Msasa: Kapena angoika tldr. Ukalemba `tldr rsync` imakupatsa zitsanzo zochepa zomwe anthu amagwiritsadi ntchito, basi. man analembera anthu odziwa kale amene angoiwala kachilembo kamodzi.

aPhiri a ku Highfield: tldr ikanamuuza za %? Zitsanzo zimakuonetsa pamene zinthu zikuyenda, sizikuuza pamene pali dzenje. man alipo kuyambira 1971, Thompson ndi Ritchie analemba oyambawo ku Bell Labs, ndipo mpaka lero akubwera pamodzi ndi pulogalamu yomwe ili pa makina ako. Mfundo yake ndi imeneyo. Zapa intaneti sudziwa kuti wolembayo anali pa version iti.

Nkhoma wa ma router: Apa ndigwirizana nawo akuluwa pang'ono. Chaka chatha ndinakopera lamulo lomwe ndinazolowera pa laputopu yanga n'kuliponya pa router ya kasitomala ku Avondale. Kukana. Ola lathunthu ndikutuluka thukuta mayi mwini ofesi ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi. Kumeneko ndi BusyBox, malamulo maina ndi omwewo koma ma option ambiri anadulidwa, ndipo man kulibe n'komwe. Chomwe chinandipulumutsa ndi `--help` wapamakina pomwepo. Chimodzimodzi `sed -i`, pa Mac imafuna zina, pa Linux zina. Ndiye osanyoza --help, a Mwale, nthawi zina ndi yekhayo amene alipo.

NaBanda: Ndipo musadabwe tsiku lina `man cd` akakana. cd ali m'kati mwa bash, ndiye mumati `help cd`. Mukakaika lembani `type` kenako dzina la lamulolo, ikuuzani ngati ndi la m'kati kapena ndi pulogalamu payokha. Ngati dzina lenilenilo simukulidziwa, `apropos` kapena `man -k` ndi mawu amodzi achingerezi. Ikati "nothing appropriate" pomwe mwangobwezeretsa masamba, thamangitsani `sudo mandb` kaye.

Mwale wa ku Mufakose: Ndaika backslash. Ndidziwa bwanji kuti yayenda osadikira mpaka 10 koloko usiku? Ine 5 ikakwana ndimathamangira kombi.

Zimba Msasa: Sintha nthawi ikhale mphindi ziwiri kutsogolo, kenako `journalctl -u cron`. Ukaona "No MTA installed, discarding output" ndiye kuti cron inali ndi chonena koma inasowa potumiza n'kutaya. Kumapeto kwa mzere wako onjeza `>> /var/log/backup.log 2>&1` kuti madandaulo ake azigwera mu fayilo. Ndipo kumbukira kuti PATH ya cron, mndandanda wa mafoda omwe imafunamo mapulogalamu, ndi yaifupi, si ija ya pa terminal yako, ndiye mu script lemba njira yonse ya pulogalamu.

Nkhoma wa ma router: Mukamatsegula crontab yang'anani zala. E ndi R ali moyandikana pa kiyibodi. `crontab -e` ndi kukonza, `crontab -r` ndi kufufuta zonse, ndipo safunsa. Ine zinandionekera Lachisanu madzulo ku kampani ina, mizere yoposa 20 yomwe anthu atatu anasiya m'mbuyo mwanga inapita ndi chala chimodzi. Loweruka lonse ndinakhala ndikutola m'malogi kuti ndione chinkayenda nthawi yanji. Kuyambira pamenepo ndisanakhudze ndimayamba `crontab -l > cron-wakale.txt`.

aPhiri a ku Highfield: Ndipo -i, yomwe imafunsa isanafufute, ili mu man. Gawo 1.

Zimba Msasa: Tamva bambo, tamva.

NaBanda: Ine chondidetsa nkhawa si % ayi. A Mwale, disikiyo ikumadzimanga yokha pa /mnt/backup seva ikayaka? Magetsi a kuno mukuwadziwa. Akathima usiku, seva n'kuyakanso disiki osamangika, /mnt/backup imakhala foda wamba pa disiki yaikulu. rsync sidandaula, imangothira mmenemo usiku ndi usiku mpaka disiki yaikuluyo itadzaza, ndipo tsiku limenelo pulogalamu ya maakaunti imaima, abwana ali pakhomo. Mu script yambani ndi `mountpoint -q /mnt/backup || exit 1`. Komanso foda yatsopano tsiku lililonse ikutanthauza kukopera zonse tsiku lililonse. Disiki yakunjayo ndi yaikulu bwanji?

Nkhoma wa ma router: Ndipo wina akakuuzani kuti onjezani `--delete`, musathamange. Yambani ndi `-n` kuti ikuonetseni zomwe ikanachita osachita. Mukatembenuza kochokera ndi kopita ndi --delete, foda yopanda kanthu imadya yodzaza. Kaslash kakumapeto kajanso kamasintha zinthu, `akaunti/` ndi `akaunti` si chimodzi.

Zimba Msasa: Anyamata a masiku ano amangofunsa AI pa foni. Kunena zoona inenso ndimafunsa, imafulumira.

NaBanda: Funsani, koma option iliyonse yomwe yakupatsani muifufuze musanamenye Enter. Ine inandipatsa ina yooneka bwino kwambiri, yolembedwa molimba mtima, pa makina anga kulibe.

aPhiri a ku Highfield: Muifufuze kuti, achemwali? Nenani.

NaBanda: Mu man, aPhiri. Mwasangalala?

aPhiri a ku Highfield: Ife tinkasindikiza masamba amenewa pa printa ya riboni n'kumawerenga m'basi popita kumudzi pa Khirisimasi. Kuchoka pa Mbare, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza, tsamba la bash linali lisanathe.

Zimba Msasa: Pa nkhani ya kumudzi, alipo akupita mwezi uno? Ndili ndi laputopu ya mlongo wanga yoti ikafike ku Blantyre, yamabasi ndikuopa sikirini.

Nkhoma wa ma router: Mlamu wanga mwina, ndimufunsa madzulo. Chotsanimo batire ngati imachoka.

aPhiri a ku Highfield: Mwale, unminimize ija yatha? Ukatsegula gawo 5 uwerengenso za tsiku la mwezi ndi tsiku la sabata, mmene zimakhalira ukaika zonse ziwiri. Pamenepo palinso dzenje.